Bokosibode ya Malemu Kalilu

"Masulani galimotoyo, amake Asiya. Tatopa nako kukunyengererani ngati mwana wokana phala."

Anali a Mwanahalima amenewo, mlongo wake wa malemu Kalilu, ataima pakati pa chipinda manja ali m'chiuno. Tatu, mkazi wa malemuyo, anali pamphasa pakona, atadzikulunga nsalu yoyera ya umasiye. Linali tsiku la khumi ndi chiwiri chiikireni maliro, ndipo mwa mwambo wa Chisilamu iye anali pa eda: miyezi inayi ndi masiku khumi osatuluka pakhomo, osaonana ndi mwamuna wachilendo.

"Ndimasule chiyani, alamu? Ndi mbuzi kodi?"

"Mukumva, achimwene?" a Mwanahalima anakuwira kukhomo. "Mukumva kayankhidwe kake?"

Pakhonde, kuseri kwa chitseko, panamveka kutsokomola kwa a Abdulhamid, mkulu wake wa Kalilu, mwini makoka awiri kugombe. Iwo sakanalowa m'chipindamo, koma mawu awo sanali pa eda ayi, ankalowa ndi kutuluka momwe afunira.

"Mlamu, tisavutane," anatero. "Galimoto imeneyi yayenda zaka zisanu ndi chimodzi. Ku Visanza ndi usipa, ku Kasungu ndi mpunga, kukwera chitunda cha Mbobo itasenza mpaka kumwamba, osakanapo ngakhale tsiku limodzi. Mwini wake wangotseka maso, ine ndangogwira chiwongolero, yayenda mapazi makumi awiri, yatsokomola, zii, pansi pa mango apo. Ndiye mufuna mundiuze kuti zimenezi n'za Mulungu?"

"Munkapita nayo kuti, alamu, tsiku lachitatu, dothi la pamanda lisanaume?"

"Kwanga, nanga kuti? Chuma cha mng'ono wanga n'cha kwathu. Akanasiya mwana wamwamuna bwenzi tikunena zina. Koma Asiya ndi Sofiya adzakwatiwa, ndiye galimoto ya m'banja mwathu akaidyerere akamwini?"

"Asanakwatiwe adya chiyani? Ine kwathu ku Ngala ndinachokako kalekale, ndilibe munda kuno, ndilibe bwato. Munda wathu ndi galimotoyo."

Galimoto yake inali bokosibode yakale ya dizilo, ija ya mipando iwiri kutsogolo ndi ngolo kumbuyo. Kalilu anaigula kwa mzungu wina wa ku Cholo itatopa kale, n'kuidzutsa ndi nzeru zomwe anabwera nazo ku nkhondo, komwe anali msilikali wa Keyala. M'Nyasalande wa masiku amenewo munthu wakuda wa galimoto yakeyake ankachita kulozedwa ndi chala, ndipo kuno ku Kotakota chalacho chinkaloza Kalilu.

"Nanga ichi?" A Mwanahalima anasolola kanthu kuseri kwa chitseko n'kukagwira ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa. Chinali chipewa cha usilikali cha malemu, chakuda bii ndi mafuta, chonunkha dizilo. "Zovala zonse tinagawana. Ichi munabisa. Chipewa chanji chomwera mafuta a galimoto, chokhala kuseri kwa chitseko cha mkazi wamasiye?"

"N'chogwirira ntchito chimenecho."

"Ntchito yake tikuiona!"

Tatu anayang'ana chipewacho. Choonadi chinali pamlomo penipeni, koma anachimeza.

Paja iye ankadziwa chomwe chinagwetsa galimotoyo. Zaka zonse zija, m'mawa uliwonse wa ulendo, ntchito yothira mafuta inali yake. Mgolo wa dizilo unkagona chopendekeka pamiyala kuseri kwa nkhokwe. Kalilu ankati mphepo ya kunyanja n'njonyowa, mgolo umachita thukuta m'kati, ndipo madziwo amatsikira pansi n'kukhala phee. Choncho zapansi sankatunga. Ngakhale zapamwambazo Tatu ankazisefa m'chipewa chija: mafuta ankadutsa, madzi ndi zinyalala n'kutsala m'chipewamo. Tsono pa tsiku lachitatu lija, ali m'nyumba muno, anamva ndi makutu ake mgolo ukugubuduzidwa, ukudzutsidwa, ukukhuthulidwa m'thanki mpaka dontho lomaliza. Anamva, ndipo anakhala chete. Inu mukanatani? Munthu akamaba mbuzi yako n'kupunthwa pachitsa, ungathamange kukamudzutsa?

"Tikupatsani mpaka arubaini," anatero a Abdulhamid pakhonde paja. "Tsiku la makumi anayi, anthu akadya sadaka, galimoto ichoka pano, yolira kaya yosalira. Ikakhala yosalira, alovi anga, asodzi aja, aikoka ndi zingwe za khoka, ndipo chipewachi ndichionetsa kwa anthu onse. Mkazi wolodza galimoto salephera kulodza mwini galimoto. Ndipo mfiti sigawiridwa ngakhale supuni."

"Kalilu anafa ndi chibayo, alamu. Inu nomwe munamunyamula kupita naye kuchipatala."

"Chibayo chimatumidwa."

Mtima wa Tatu unatentha mpaka m'makutu. Koma mawu ake anatuluka ozizira.

"Ndamva. Potuluka mutseke chitseko, mwera ukulowa."

Sabata yotsatira a Abdulhamid anabwera ndi Stefano, makaniko wa ku mishoni, bambo wa imvi za m'mbali amene ankakonza galimoto za petulo za ansembe. Tatu anakhala kuseri kwa mpanda wa bango wa kumbuyo kwa nyumba, akusenda chinangwa choti aviike. Bango la chaka chatha lili ndi mipata, ndipo eda siletsa makutu.

"Batire lafa ili, bwana," anatero Stefano. "Mwakhala mukuipukusa kangati?"

"Tsiku lililonse, m'mawa ndi madzulo."

"Ndiye mwalikama mpaka magazi."

Analimangirira panjinga n'kupita nalo ku boma. Patapita masiku atatu anabwera nalo lamoyo, n'kupala mitu yake ndi mpeni mpaka kuwala, n'kumanga mawaya zolimba. Anatembenuza kiyi. Injini inazungulira mwamphamvu, inatsokomola kawiri, khu! khu! n'kulavula kautsi koyera, basi n'kukhala chete. Tatu anaika mpeni pansi. Kutsokomola kumeneko kunali kwa munthu womira, ndipo kunamupweteka ngati akumva mwana wake.

Stefano anayesa zonse, tisamunamizire. Anatsuka sefa ya mpweya. Anagwira ndi dzanja tizitsulo totenthetsa injini m'mawa wozizira, n'kupeza tikutentha. Anaitanitsa alovi asanu ndi mmodzi kuti akankhe, koma matayala anangotitimira mumchenga wa pabwalo, alovi n'kutsala akutukwana chamumtima.

"Bwana," anatero akupukuta thukuta, "sitata ili bwino, batire lili bwino. Ya dizilo ilibe mapulagi a moto ngati ya petulo. Iyi imangofuna zitatu: mpweya, kutentha ndi mafuta. Ziwirizo zilipo. Tsono mafutawa ngabwino?"

"Ndinathira ndekha ndi manja angawa! Thanki n'njodzaza. Kapena ukuti sindidziwa kuthira mafuta? Ine ndinayendetsa lole ya mmwenye ku Limbe iwe usanagwirepo sipanala."

Stefano anaviika kamtengo m'thanki, n'kukanunkhiza. Dizilo weniweni. Kuseri kwa bango Tatu anatsala pang'ono kuseka. Abale inu, mafuta amayandama pamwamba, ndiye kamtengo kodutsa m'mafuta kanganene bwanji za pansi?

"Tikanafunsako mayi," anatero Stefano motsitsa mawu. "Bambo Kalilu ankati chakudya cha galimotoyi amachidziwa ndi akunyumba kwawo."

"Asitaghafirula! Mkazi ali pa eda ayankhule ndi iwe? Ndiponso chalaka bakha nkhuku singatole. Iwe makaniko walephera, ndiye wosinja mpunga adziwe chiyani? Chomwe akudziwa iye n'china, ndipo si cha sipanala."

Stefano anatola zida zake, n'kupita kukasamba m'manja pamtsuko wa pafupi ndi mpanda uja. Ali chowerama anayankhula ngati akuuza mtsukowo.

"Ine za dizilo sindizidziwa bwino. Koma ngati muli kanthu kosayenera m'mimba mwake, kakagonamo mwezi wina, pampu ichita dzimbiri. Ikatero ndiye basi, nkhuku ziziikiramo mazira."

Anakwera njinga n'kumapita. Tatu anatsala atagwira chinangwa chosenda theka, osachiona n'komwe.

Mvula ikakuona litsiro sikata. Amayi amene ankabwera kudzakhala naye masana anayamba kuchepa, lero atatu, mawa mmodzi, mkuja palibe. Asiya ndi Sofiya akafika pachitsime anzawo ankasuntha ndowa zawo. Alimi a ku Bua, amene chaka chilichonse mpunga wawo unkakwera bokosibode ya Kalilu, ankadutsa pamsewu n'kuyang'ana kumbali.

Mwalimu Zaidi, mtsogoleri wa pamzikiti, anabwera tsiku lina kudzamupepesa, n'kukhala pakhonde. Tatu anawafunsa ali m'kati ngati Buku la Mulungu lilibe mawu pa za chuma cha ana amasiye.

"Pirirani, mwana wanga," anatero mwalimu. "Za chuma tidzaziona eda ikatha. Mlandu suola."

"Mlandu suola, amwalimu, koma galimoto imaola."

Mwalimu anatsokomola, n'kufunsa za thanzi la ana, n'kutsazika. Tatu sanadabwe. Malata a padenga la mzikiti anagula ndi a Abdulhamid, ndipo munthu satukwana denga lomwe likumuteteza ku mvula.

Masiku amenewo Tatu anamusowa Kalilu kuposa tsiku la maliro. Ankakumbukira momwe ankafikira kuchokera ku ulendo, fumbi mpaka m'nsidze, n'kutsika injini ikulirabe, kiyi ali kale m'thumba. "Amake Asiya, kamugonekeni mwana wanu," ankatero. Iye ankapita, n'kupisa dzanja pansi pa chiwongolero, n'kukoka kachitsulo kakuda kobisika kumeneko, injini n'kugona. Paja ya dizilo yakale podzuka imamvera kiyi, koma pogona imamvera kachitsulo kokhako.

Tsopano mwanayo anali kumira pansi pa mango, iye akumuyang'ana pamipata ya bango. Akanena, galimoto ilira n'kupita kwa alamu. Akapanda kunena, dzimbiri liidya, iye n'kutsala ndi dzina la ufiti. Anaganiza masiku ambiri, mpaka mantha anatopa n'kumusiyira ukali wokhawokha.

Tsiku la arubaini bwalo linadzaza. Amuna anakhala pamikeka pansi pa mango, amayi kumpanda. Anawerenga duwa, mapemphero opempherera malemu, anadya mpunga wa faya ndi nyama ya mbuzi, anasamba m'manja. Dzuwa lili pamutu, alovi anafika ndi zingwe za khoka paphewa, ndipo Stefano anali nawo, ataitanidwa kuti adzagwire chiwongolero pokoka.

A Abdulhamid anaimirira, mkanjo woyera mbee, mzuli watsopano pamutu. Anakweza ndodo yawo, ndipo kunsonga kwake kunali chipewa chija.

"Abale anga, taonani chomwe tinapeza kuseri kwa chitseko. Mng'ono wanga anali wamphamvu, wagwa. Galimoto yake inali yamphamvu, yagwa. Makaniko uyu wayesa zonse. Ine sindinena zambiri, maso muli nawo."

"Muli nawodi, ndiye aone!"

Anthu onse anatembenuka. Tatu anali ataima pakhonde, nsalu yoyera itaphimba mutu mpaka pachipumi. Amayi ena anagwira pakamwa. Amuna achikulire anagwetsa maso pamikeka.

"Mwana wanga, bwererani m'nyumba," anatero mwalimu Zaidi. "Muli pa eda."

"Ndakhalamo masiku makumi anayi, amwalimu, ndipo ndibwereramo. Koma nyumba ikamapsa, wa pa eda amapsera momwemo? Dzina langa likupsa pabwalo pano." Analoza galimoto. "Akuti ndinaimanga. Chabwino. Sindiigwira ngakhale ndi chala, kuti mawa asadzati ndinaisisita ndi mankhwala. Alamu anga omwewa atenge sipanala. Pansi pa thanki pali kabawuti. Amasule okha, anthu aone chomwe chituluke."

"Ine ndikwawe pansi chifukwa cha mawu a mkazi?"

"Ngati mukuopa, nenani. Munati munathira nokha ndi manja anuwo. Mukuopa chiyani m'thanki yothira nokha?"

Kumikeka kunamveka kung'ung'udza. Nkhalamba ina inati, "Masulani, Abdulhamid, tione. Ngati n'bodza, limugwere yekha." A Abdulhamid anayang'ana uku ndi uku, n'kuona kuti pothawira palibe. Analanda sipanala kwa Stefano, n'kugona chagada mumchenga, mkanjo woyera uja ndi wonse.

"Beseni losambira m'manja lija likhale pansi pake," anatero Tatu. "Mutaye madziwo, mulipukute liume, aliyense aone kuti n'louma."

Kabawuti kanalimba, kenaka kanagonja. Chomwe chinatuluka sichinali dizilo ayi. Anali madzi ofiirira a dzimbiri, ngati a m'dambo la mpunga, ndipo asanapeze beseni anayamba apeza nkhope ya a Abdulhamid, ndevu ndi chifuwa chomwe. Anatuluka pansipo akulavula, mzuli utatsala mumchenga. Mlovi wina anaseka, n'kusandutsa kusekako chifuwa.

Mwalimu anaviika chala m'beseni, ananunkhiza, n'kuchiyang'anitsitsa.

"Madzi awa."

"Madzi, amwalimu. Ufiti wanga ndi umenewo. Tsono afunseni alamu kuti pa tsiku lachitatu anatunga pati mumgolo."

"Ndinakhuthula wonse," anatero a Abdulhamid akupukuta ndevu. "Nanga mafuta a mng'ono wanga ndikanasiyira yani?"

"Ndi zomwezo. Kalilu zapansi sankatunga. Inu munafuna zonse, mpaka dontho lomaliza, ndipo zonsezo mwazipeza. Walira mvula walira matope."

Kenaka anatembenukira kwa Stefano, maso ali pansi monga mwa mwambo, koma mawu ali njii.

"Bambo makaniko, lekani zituluke mpaka mtundu usinthe. Zikayamba kuyera mulandire m'ndowa zouma, thanki itsale yopanda kanthu. Mukatero mutsitse chipewacho pandodopo. Si mbendera imeneyo."

Stefano anachita zonse. Anthu awiri anagwira chipewa m'mphepete pamwamba pa ndowa ina, iye n'kumathira mafuta pang'onopang'ono. Dizilo anadutsa woyera. M'chipewamo munatsala timadontho ta madzi tikugubuduka, ndi mchenga wakuda. Anachizungulitsa kumikeka kuti aliyense aone, ndipo chitafika kwa amayi, a Mwanahalima anayang'ana kunyanja.

"Zaka zisanu ndi chimodzi ndasefa mafuta m'chipewa chimenecho," anatero Tatu. "Mpunga wanu, alimi a ku Bua, unkafika ku boma chifukwa cha chipewa chimenecho. Lero chasanduka chithumwa?"

Iye anapitiriza ntchito ngati akuphunzitsa mwana kupeta.

"Tsopano sefa ya mafuta, ili kumanja kwa injini. Masulani pansi pake, mutaye zomwe zilimo. Mwatero? Masulani kanati ka pamwamba, pang'ono pokha. Pambali pali kampini kakang'ono, kapopeni ndi chala. Muona thovu. Musaleke mpaka thovu lithe."

Stefano anapopa. Kunatuluka thovu, kenaka madzi, kenaka thovu lina. Chala chinatopa, anasintha dzanja. Pamapeto pake mafuta anayenda oyera, opanda kuwira.

"Mangani. Pampu ili ndi kanati kakenso, chitani chimodzimodzi. Mukatero mumasule mapaipi anayi aja pomwe alowera m'injini, mupukuse mpaka alavule mafuta, n'kumanganso."

Ntchito inatenga nthawi, koma palibe ananyamuka. Pomaliza Stefano anakhala pampando, anatenthetsa injini akuwerenga chamumtima, n'kutembenuza kiyi. Inazungulira. Khu! Inazunguliranso. Khu, khu! Tatu anafumbata nsalu yake. Kapena dzimbiri linali litafika kale? Kapena kukhala chete kwake kunaipha? Batire linayamba kufooka, kulira kwake kukutsika.

"Musaleke!" anakuwa.

Bokosibode inagwedezeka thupi lonse, inalavula chiutsi choyera chodzaza pansi pa mango, n'kubangula. Gudu-gudu-gudu-gudu! Nkhuku zinabalalika. Alovi anaponya zingwe pansi n'kuyamba kukuwa. Tatu anamva misozi ikutsika, ndipo sanaipukute.

Koma fisi ndi fisi. Utsi usanathe, a Abdulhamid anakoka Stefano pamkono, n'kudzikhazika pachiwongolero.

"Yalira, alihamudulila! Ndinati ichoka lero, yolira kaya yosalira. Chokani m'njira!"

Njira yotulukira pabwalopo inali imodzi yokha, pakati pa migwalangwa iwiri. Tatu anatsika pakhonde, anadutsa pakati pa mikeka ya amuna osathamanga, anatola chipewa chija, n'kukakhala pansi pakati pa migwalangwayo, miyendo atatambasula, chipewa chili pamwendo.

Giya inakukuta. Galimoto inasendera mpaka mthunzi wake unamuphimba mapazi. Hutala inalira.

"Choka, iwe!"

"Dutsani, alamu! Manda a mng'ono wanu akadali ofewa, sakavuta kukumba pambali pake!" Kenaka anakweza mawu kuposa injini. "Amwalimu! Buku lanu landitsekera m'nyumba masiku makumi anayi, ndipo sindinatsutse. Tsamba la eda munaliwerenga mokweza maliro asanatuluke. Nanga tsamba la ana amasiye linadyedwa ndi chiswe? Kapena lili pansi pa malata?"

Ha! Mawu amenewo anagwa pabwalo ngati mwala m'chitsime. Maso onse anapita kwa mwalimu Zaidi. Nkhalambayo inayang'ana mikanda yake ya pemphero nthawi yaitali. Amayi awiri anatuluka kumpanda, n'kukakhala pambali pa Tatu. Kenaka wachitatu.

Mwalimu anaimirira.

"Tsambalo lilipo," anatero. "Lilipo, ndipo ndachedwa kuliwerenga. Mkazi ali ndi gawo lake, ana aakazi ali ndi lawo, ndipo awo pamodzi aposa la mbale kutalitali. Galimoto sichoka pano. Zimitsani, Abdulhamid."

A Abdulhamid anakukuta mano. Anayang'ana alovi awo, koma alovi anali otanganidwa kukulunga zingwe. Ndiye anatembenuza kiyi mwaukali.

Gudu-gudu-gudu-gudu.

Anatembenuzanso. Anazula kiyi n'kumukweza m'mwamba. Injini inangopitiriza ngati sikuwadziwa. Anaponda ichi, anakoka icho, zopukutira galasi zinayamba kuvina, hutala inaliranso yokha. Thukuta linasakanikirana ndi dzimbiri la m'ndevu. Munthu wa lole ya ku Limbe uja anasuzumira pawindo, maso ali tong'o.

"Stefano! Imazima bwanji iyi?"

"Ine ndine wa petulo, bwana," anatero Stefano, manja ali kumbuyo. "Funsani eni ake."

Tatu anadzuka, anasasa mchenga pansalu yake, n'kufika pawindo.

"Pepani, alamu, sunthani bondo."

Bondo linasuntha. Anapisa dzanja pansi pa chiwongolero, n'kukoka kachitsulo kakuda kaja. Injini inapuma kamodzi, n'kugona. Pabwalo panangoti zii, mpaka mafunde a mwera anamveka kugombe.

Tatu anatambasula dzanja. A Abdulhamid anayang'ana dzanjalo, anayang'ana anthu, n'kuikamo kiyi.

Tatu anamumanga pakona ya nsalu yake yoyera, mfundo ziwiri. Chipewa anachikoleka pagalasi la pambali, poyera, kuti aliyense wodutsa pamsewu achione.

"Yanditsalira miyezi itatu," anatero. "Bambo Stefano azibwera Loweruka lililonse kudzailiza kuti isachite dzimbiri, ine ndizimva ndili m'nyumba. Ndikadzatuluka, ndiipeze pomwepa."

Anadutsanso pakati pa mikeka, amuna akupinda miyendo kumupatsa njira, n'kukalowa m'nyumba kukamaliza eda yake. Chitseko anatseka yekha.